Don Wiley, Munthu Amene Anaona Msampha wa Kachirombo

Dzina la Don Craig Wiley silimveka kawirikawiri m'masukulu kapena m'maofesi a Boma m'dziko lino, ngakhale kuti matenda amene iye anatha moyo wache akuwafufuza ndi omwewo amene anthu a ku Njakwa, ku Bolero ndi m'chigwa chonse cha Henga awadziwa bwino lomwe, ndiwo chimfine chachikuru chija chotchedwa fuluwenza, ndi Edzi. Iye sanali dotolo wochiza odwala ai. Anali munthu wa sayansi wa ku America, ndipo nchito yache inali kupeza maonekedwe a zinthu zazing'ono koposa, zosaoneka ngakhale ndi makina oonera tizirombo a m'zipatala. Funso limene anakhala nalo zaka zoposa 25 linali ili: kodi kachirombo, kamene kalibe miyendo, mano kapena nzeru, kamatsegula bwanji thupi la munthu ndi kulowamo?

Funsoli linali lakale. Kumapeto kwa chaka cha 1918, nkhondo ya ku German East Africa itangotha, asilikari ndi amtengatenga ali kubwerera kwao, fuluwenza inalowa m'Nyasaland ndi kupha anthu ambiri, monga inachitira pa dziko lonse lapansi, pamene akufa anafika mamiliyoni makumi angapo. Chipatala cha David Gordon Memorial ku Livingstonia chinali chitatsegulidwa kale mu 1911, koma ngakhale kumeneko, ngakhale ku Edinburgh kapena ku London, kunalibe dotolo wodziwa chimene chinali kupha anthu. Ambiri ankayesa bakiteriya. Kachirombo keni keni kanapezedwa mu 1933 ku Mill Hill, mu London, ndi Wilson Smith, Christopher Andrewes ndi Patrick Laidlaw. Mu 1941 George Hirst wa ku New York anaona kuti kachiromboka kakasanganizidwa ndi magazi a nkhuku, magaziwo amamatana ndi kupanga timibulu. Chinthu chomatacho, chimene chiri kunja kwa kachirombo, chinatchedwa haemagglutinin, ndipo ndicho mwini chilembo H chija cha m'maina onga H1N1 ndi H5N1.

Kuti nkhaniyi imveke, nkofunika kulongosola pang'ono za thupi. Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tating'ono totchedwa maselo, ndipo selo liri lonse lakutidwa ndi nembanemba ya mafuta. Kachirombo ka mtundu wa vairasi sikatha kuswana pakokha. Kayenera kulowetsa mbeu yache m'kati mwa selo, kuti selolo lisiye nchito yache ndi kuyamba kupanga tizirombo tina. Mavairasi ena, monga a fuluwenza, Edzi, chikuku, chiwewe, Ebola ndi chitopa cha nkhuku, naonso abvala nembanemba ya mafuta, imene amaiba pa selo limene atulukamo. Nchifukwa chache sopo amawaononga msanga: amasungunula chobvala chaocho. Tsono kuti mbeu ilowe, nembanemba ya kachirombo iyenera kuphatikana ndi ya selo, ziwirizo zikhale imodzi. Ichi sichichitika chokha, pakuti nembanemba zikayandikana zimakankhana, ndipo kukadakhala kosabvuta, bwenzi maselo onse a m'thupi atasungunukirana kalekale. Pafunika mphamvu yozikokera pamodzi. Koma kachirombo sikadya, sikapuma, kalibe pochotsa mphamvu. Chimene kali nacho ndi minga ya puloteni yozikika pa chobvala chache, ndipo chinsinsi chonse chinali m'minga imeneyi.

MUNGA WA FULUWENZA

Wiley anabadwa pa 21 October 1944 ku Akron, m'chigawo cha Ohio. Anaphunzira fizikisi pa Tufts University namaliza mu 1966, ndipo anapita ku Harvard kukaphunzira pansi pa William Lipscomb, yemwe pambuyo pache analandira mphotho ya Nobel mu 1976. Kumeneko anadziwa luso lofuna kupirira kwambiri. Puloteni imayeretsedwa ndi kusiyidwa m'madzi a mankhwala kufikira ipange timiyala tonga ta mchere. Timiyalato amatiwalitsa ndi X-ray, ndipo madontho otuluka pa filimu amawerengedwa ndi masamu ochuruka kufikira malo a atomu iri yonse adziwike. Anamaliza maphunziro ache mu 1971, ndipo Harvard inamlemba uphunzitsi chaka chomwecho.

Mnyamata wongoyamba nchito yotere kawirikawiri amasankha chinthu chapafupi, kuti dzina lache limveke msanga ndi kuti malo ache akhazikike. Wiley anasankha chimene anzache ambiri ankachiyesa chosatheka, pakuti kufikira nthawiyo panalibe puloteni ya pa chobvala cha kachirombo imene inaonedwa mwa njira imeneyi. Mapuloteni otere ali ndi muzu wa mafuta ndiponso akutidwa ndi shuga, ndipo amakana kupanga timiyala. Mwai wache unachokera ku Mill Hill konkuja, kumene John Skehel ndi mnzache anali atapeza mu 1972 kuti bromelain, mankhwala ochokera mu nanazi, amadula munga wa fuluwenza m'tsinde ndi kusiya muzu pa chobvala, monga munthu amweta udzu nasiya mizu m'nthaka. Anthu awiriwa, wina ku America wina ku England, anagwirizana, ndipo ubwenzi wao pa nchito unatha ndi imfa yokha. Mu 1977 anabwera wachitatu, Ian Wilson wa ku Scotland. Zaka zinapita popanda choonetsa. Mu 1981 atatuwo anafalitsa m'magazini ya Nature chithunzi cha munga wa fuluwenza ya Hong Kong ya 1968.

Mungawo unaoneka ngati zibonga zitatu zomangidwa pamodzi, mitu kumwamba, mipini yopotana pansi. Kutalika kwache, munthu akagawa milimita imodzi m'zigawo 1,000,000, ndi zigawo 13 ndi theka, ndipo kachirombo kamodzi kali ndi minga yotere mazana angapo. Chibonga chiri chonse ndi chingwe cha mikanda yotchedwa ma amino acid, chodulidwa pawiri: mikanda 328 mbali ya kumutu, 221 mbali ya ku mpini. Pa mutu pali kadzenje kamene kamagwira mtundu wina wa shuga wa pa maselo a m'mphuno ndi m'mapapo. Mozungulira kadzenjeko iwo anaonetsa malo anai amene asilikari a m'magazi, otchedwa ma antibody, amagwirapo, ndipo anapeza kuti ndi pomwepo pamene mikanda imasintha chaka ndi chaka, kadzenje kokha kali chikhalire. Apa panaoneka chifukwa chimene munthu amadwalira chimfine chaka chino ndi chaka chamawa, ndi chimene katemera wa fuluwenza amakonzedwera mwatsopano nyengo ndi nyengo. Mu 1983, pamodzi ndi James Paulson ndi anzache, anaonetsanso kuti kusintha mkanda umodzi wokha, wa nambala 226, kumasintha mtundu wa shuga umene kadzenjeko kamakonda: wa maselo a mbalame kapena wa maselo a munthu. Akatswiri amene amalondera fuluwenza ya mbalame amayang'anitsitsa malo amenewa kufikira lero.

MSAMPHA WOTCHEREDWA KALE

Komabe chithunzi cha 1981 chinabweretsa funso lina lobvuta koposa. Kunali kodziwika kale kuti kansonga kena ka mafuta, ka mikanda pafupifupi 20, ndiko kamene kamalasa nembanemba ya selo. Aliyense akadayembekeza kukapeza kumwamba, pafupi ndi selo. Koma kanapezeka pansi, kobisika pakati pa mipini itatu ija ngati mpeni m'chimake, zigawo 10 kuchokera kumutu. Kakafika bwanji pa selo kali kumeneko?

Yankho linadza pang'ono pang'ono. Mu 1982 Skehel, Wiley ndi anzao anaonetsa kuti munga ukaikidwa m'madzi a asidi pang'ono umasintha maonekedwe, ndipo subwereranso mwakale. Ichi chinagwirizana ndi zimene ena anali kupeza, kuti selo limameza kachirombo kamene kamatirira pa ilo ndi kukatsekera m'kathumba, ndipo limathira asidi m'kathumbamo. Selo limachita ichi monga mwa chizolowezi chache ndi zonse zimene lameza; kachirombo kamangodikira chizolowezicho. Mu 1993 Chavela Carr ndi Peter Kim ananeneratu kuti mungawo uyenera kukhala wofwamphuka, ndipo mu 1994 Per Bullough, Frederick Hughson, Skehel ndi Wiley anauona utafwamphuka. Chigawo china chimene mu 1981 chinali chingwe chokhota chinali chitawongoka ndi kusanduka ndodo yolimba, yolumikiza mpini, kotero kuti kansonga kaja kanaponyedwa kuchokera pansi kufika pamwamba peni peni. Mitu itatu ija imapatuka kuti ipereke njira. Kansonga kakazikika m'nembanemba ya selo, mpini umathyoka pakati ndi kudzipinda monga mpeni wopinda, nukokera muzu wache ku nsonga yache. Popeza muzu uli m'chobvala cha kachirombo ndipo nsonga iri m'nembanemba ya selo, ziwirizo zimakokedwa mpaka kugundana. Minga ingapo ikachita ichi pamodzi, pamabooka, ndipo mbeu ya kachirombo imalowa.

Aliyense amene anatcherapo khwekhwe ali mnyamata amva nkhaniyi msanga kuposa wophunzira wa m'mabuku. Mtengo wopindidwa sudya kanthu, koma uli ndi mphamvu imene wotchera anaikamo, ndipo uyembekeza chinthu chaching'ono chokha kuti uitulutse. Munga wa kachirombo uli chimodzimodzi. Selo lodwala ndilo limaupanga ngati chingwe chimodzi chathunthu, ndipo uli wathunthu sungathe kulasa. Uyenera kudulidwa pa malo amodzi ndi lumo la m'thupi la wodwala mwini, ndipo kudulako ndiko kutchera. Asidi ndiye nyama yoponda pa msampha. Ndipo monga khwekhwe, munga umafwamphuka kamodzi kokha. Ukafwamphuka pasanafike selo, kachirombo kataya mwai wache.

Pa kudula kumeneku pagona kusiyana kwa matenda opepuka ndi oopsa. Munga wa fuluwenza wamba umadulidwa ndi malumo opezeka m'njira ya mpweya mokha, chifukwa chache nthendayo imakhala m'chifuwa. Koma mitundu ina ya fuluwenza ya mbalame iri ndi mikanda yoonjezera pa malo odulirapo, imene lumo lopezeka m'thupi lonse limatha kudula, ndipo nkhuku imagwidwa chiwindi, ubongo ndi mtima nthawi imodzi. Chitopa, chimene chimatha khola lonse m'masiku owerengeka m'midzi ya ku Rumphi monga kwina konse, chimatsata lamulo lomweli. Ichi sanapeze Wiley. Anachionetsa Yoshiyuki Nagai, Hans-Dieter Klenk ndi Rudolf Rott ku Germany mu 1976. Katemera wa I-2 uja alangizi amadontheza m'diso la nkhuku ndi kachirombo ka chitopa kamoyo ndithu, koma ka mtundu umene munga wache sudulika paliponse.

Nchito ya Wiley sinali pa tizirombo pokha, ndipo kunena zoona mphotho zache zazikuru zinadza ndi nchito yina. Mu 1987 wophunzira wache Pamela Bjorkman, atalimbikira zaka zambiri, pamodzi ndi iye ndi Jack Strominger, anaonetsa maonekedwe a HLA-A2, puloteni imene selo limanyamulira tizidutswa ta zimene ziri m'kati mwache ndi kuzionetsa kwa alonda a thupi. Pamwamba pache panali kangalande, ndipo m'kangalandemo munali kachidutswa kotero. Chifukwa cha ichi analandira mphotho ya Lasker mu 1995 ndi Japan Prize mu 1999. Mphotho ya Nobel ya 1996 pa nkhani yomweyi inapita kwa Peter Doherty ndi Rolf Zinkernagel, amene anayamba kuona kuti alonda a thupi amafuna mapuloteni amenewa kuti azindikire selo lodwala.

EDZI

Pamene chithunzi choyamba chija chinali kutuluka, nthenda yina inali kulowa mwakachetechete kumpoto kwa dziko lino. Anthu ofufuza za khate ku Chilumba, m'boma la Karonga, ankasunga madontho a magazi pa timapepala, ndipo poyezanso patapita zaka anapeza kachirombo ka HIV m'magazi otengedwa mu 1982. Wodwala Edzi woyamba m'Malawi anatsimikizidwa mu 1985.

Munga wa HIV naonso ndi wa zibonga zitatu, ndipo naonso umadulidwa pawiri: mutu ndi gp120, mpini ndi gp41. Suyembekeza asidi ai. Mutu umagwira CD4, dzina limene aliyense woperekeza wodwala kuchipatala analimvapo, ndipo ukagwiranso puloteni yachiwiri ya pa selo, CCR5 kapena CXCR4, msampha umafwamphuka. Mu 1997 Winfried Weissenhorn, m'nyumba yofufuzira ya Wiley ndi Stephen Harrison, anaonetsa gp41 itafwamphuka, ndipo gulu la Peter Kim linaonetsa chomwecho chaka chomwecho: ndodo zitatu pakati, zitatu zina zitapindikira kunja kwache, mtolo wa ndodo 6. Unali wofanana modabwitsa ndi mpini wa fuluwenza wa 1994. Mu 1998 anaona wa Ebola, naonso unali wotero. Tizirombo tosiyana mtundu, tina ta m'mapapo, tina ta m'magazi, tinapezeka kuti titchera msampha umodzi. Si tonse: chiwewe ndi dengue ziri ndi minga yomangidwa mwa njira zina, ngakhale kuti mapeto ache ndi kudzipinda komweko.

Chithunzi cha gp41 chinamasulira chinthu chimene a ku Duke University anali ataona kale osachimvetsa bwino, kuti kachidutswa ka gp41 yomweyo kamaletsa kachirombo kulowa. Kamakhala pa malo pamene ndodo zakunja zikadagona, ndipo mpeni umalephera kupindika. Mankhwala a enfuvirtide, a mikanda 36, analoledwa ku America mu 2003. Ndi obaya kawiri pa tsiku ndiponso okwera mtengo, ndipo ma ARV amene Boma linayamba kupereka ulere mu 2004 amagwira nchito mwa njira yina, kachirombo katalowa kale m'selo.

IMFA YACHE

Wiley sanaone mankhwalawo. Mu November 2001 anapita ku Memphis, m'chigawo cha Tennessee, ku msonkhano wa alangizi a St. Jude Children's Research Hospital. Anadya ndi anzache madzulo a pa 15 November, ndipo m'bandakucha galimoto imene anabwereka inapezeka itaima pa mlatho wa Hernando de Soto, pa mtsinje wa Mississippi, mwini wache palibe. Thupi lache linapezeka pa 20 December pafupi ndi Vidalia, ku Louisiana, mamailosi pafupifupi 300 kumunsi. Anali ndi zaka 57. Inali nyengo ya mantha, pakuti makalata a anthrax anali atangopha anthu m'dzikomo, ndipo mphekesera zinawanda zakuti munthu wodziwa za Ebola sangasowe chabe. Mphekeserazo zinalibe umboni, ndipo amene ankazifalitsa sanazindikire kuti nchito yache inali pa tizidutswa ta puloteni tosatha kudwalitsa munthu. Woyeza maliro wa boma anagamula kuti inali ngozi, kuti anatsika m'galimoto nagwa pa mpanda waufupi wa mlathowo.

Mu 2004 dzina lache linatulukanso m'magazini ya Science, pa nchito imene Skehel ndi anzache anamaliza: munga wa fuluwenza ya 1918, wopangidwanso kuchokera ku mbeu imene inapezeka m'zidutswa za mapapo a asilikari zosungidwa ndi m'manda a m'nthaka yozizira ku Alaska. Unali wonga wa mbalame m'zambiri, koma kadzenje kache kanali kokhoza kugwira shuga wa maselo a munthu.

MINGA YOCHOKERA KU MALAWI

Phunziro limene opanga katemera anatenga pa zithunzi ziwiri zija, cha 1981 ndi cha 1994, ndi lakuti munga umodzi uli ndi nkhope ziwiri, ndipo asilikari a m'magazi amene adziwa nkhope ya munga wofwamphuka kale sathandiza kweni kweni. Pa HIV ichi ndi chowawa, pakuti mutu wache umathothoka msanga, ndipo thupi limatha mphamvu kupanga asilikari olimbana ndi zotsalira. Asilikari omwewo ndi amene zoyezera magazi za msanga zija zimapeza m'dontho la pa chala: amakwana kuulula kuti kachirombo kalimo, koma sakwana kukaletsa. Munga weni weni, wotcheredwa, wabisala pansi pa shuga wochuruka, wofika pafupifupi theka la kulemera kwa gp120, ndipo pa kachirombo kamodzi pali minga pafupifupi khumi chabe kapena kupitirira pang'ono. Unaonedwa bwino koyamba mu 2013, ndipo mmodzi wa otsogolera nchitoyo anali Ian Wilson uja, ali ku Scripps Research Institute ku California.

M'nkhani imeneyi dziko lino lirimo, ngakhale kuti ambiri sadziwa. HIV ya kuno yochuruka ndi ya mtundu wa C, ndipo minga iwiri yotchuka m'nyumba zofufuzira za pa dziko lonse inachokera m'magazi a anthu a ku Malawi amene anabvomera kuyezedwa atangotenga kumene kachirombo. Woyamba, wotchedwa 1086, unali mmodzi wa mitundu iwiri ya gp120 m'katemera amene anayesedwa ku South Africa kuyambira 2016 pa anthu oposa 5,000. Katemerayo anaonetsa thupi mutu wokha, wopatukana ndi anzache awiri ndi mpini wache. Kuyesako kunaimitsidwa mu February 2020 chifukwa sanateteze. Wachiwiri ndi CH505. Akatswiri a ku Duke anatsata magazi a munthu mmodzi zaka zoposa zitatu, ndipo mu 2013 anaonetsa m'mene munga unali kusinthira pothawa asilikari, asilikari naonso akusintha poulondola, kufikira panabadwa antibody yokhoza kuletsa mitundu ya HIV yoposa theka ya imene inayesedwa. Kuchokera pamenepo anayamba kuyesa kupatsa thupi minga motsatizana, monga inatsatanira mwa munthuyo. Amai a ku Blantyre ndi Lilongwe naonso anali m'gulu la amene anayesa antibody ya VRC01, yotseka malo amene gp120 imagwirira CD4. Zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti inaletsa mitundu yokhayo ya kachirombo imene inali yofooka kwa iyo. Katemera wa Edzi sanapezeke kufikira lero.

Pa nthenda yina njirayi inabala zipatso msanga. Mu 2017 Jason McLellan, Barney Graham, Andrew Ward ndi anzao anaonetsa kuti kuika mikanda iwiri youma, yotchedwa proline, pa malo pamene chingwe chokhota chimawongokera, kumaletsa munga wa coronavirus kufwamphuka, monga munthu apinga msampha ndi kamtengo. Covid-19 itabuka, mikanda iwiri yomweyo inaikidwa pa munga wache m'masabata owerengeka kumayambiriro kwa 2020. Matendawa anatsimikizidwa m'Malawi pa 2 April 2020, ndipo mwa akatemera amene Unduna wa Zaumoyo unayamba kugawa m'maboma mu 2021, wa Johnson & Johnson ndi wa Pfizer anali ophunzitsa thupi munga wopingidwa motero.